Osamupatsa Okosijeni

Mano awiri akutsogolowa si anga. Anga enieni anawagulula alamu anga, amuna awo a akulu anga, pakhomo la chipinda cha odwala, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera. Ndayamba ndi zimenezi kuti musayembekezere nkhani ya munthu woyera mtima. Anali munthu wa manja, ndipo ine ndine mmodzi chabe mwa ambiri amene analawa manjawo.

Tinkagwira ntchito pachipatala chimodzi. Ine ndinali ku labotale ya kafukufuku, kuseri kwa nyumba yochapira zovala. Iwo ankanyamula masilinda a okosijeni kuchoka kusitolo kupita nawo m'mawodi. Dzina lawo lenileni linali m'mabuku a ku ofesi mokha. Chipatala chonse chinkawatchula kuti a Sipanala, chifukwa cha kasipanala kotsekulira masilinda kamene kankalendewera pa lamba wawo. Akulu anga ankadandaula kuti ngakhale popita kumaliro kasipanalako kankakhala m'thumba la jekete.

Silinda yaikulu imafika paphewa pa munthu, ndipo imalemera ngati munthu wodya bwino. Anzawo ankaiyendetsa awiriawiri pa kangolo. A Sipanala ankangoipendeketsa n'kumaizunguza ndi dzanja limodzi m'khonde lonse, dzanja linalo akukankhira anthu kumbali. Chaka china chikepe chokwezera anthu ndi katundu m'mwamba chinafa kwa milungu itatu, ndipo wodi ya ana inali pamwamba penipeni. Ankasenza silinda paphewa n'kukwera nayo masitepe, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Phewa lamanja linatsika mpaka kalekale, malaya osawakhalanso bwino. Koma palibe mwana amene anasowa mpweya m'milungu imeneyo, ndipo nkhaniyi ankaiuza aliyense, ngakhale amene sanafunse.

Anali ndi malamulo awiri pantchito yawo: moto usayandikire sitolo, ndipo mafuta asakhudze valavu, kachitsulo ka pamutu pa silinda kamene mpweya umatulukira. Okosijeni akakumana ndi girisi pamenepo, pamabuka moto woti simungauthawe. Tsiku lina dalaivala wa lole anatsamira chitseko cha sitolo akusuta. A Sipanala sanamuchenjeze. Anamuwomba mbama ndudu ili pakamwa, nduduyo n'kulowa ndi moto wake womwe. Kenako anamukhwekhwereza pabwalo ponse atamugwira pakolala, n'kukamuviika mutu mumgolo wa madzi mpaka miyendo inasiya kuphiriphitha. Anawaimitsa ntchito milungu iwiri. Masiku anayi asanathe, anesi anali akulira m'mawodi, ndipo a ku ofesi anatuma munthu kukawatenga.

Chinthu chimodzi chinawalowa mumtima n'kukhazikika. Nthawi ina mpweya unachepa, ndipo analamulidwa kuchotsa silinda pa bedi la mayi wina wosauka kuti ipite kwa bwana wina amene anagona m'zipinda zolipira. Anakana. Ali ku wodi ina, mnzawo wapantchito anakaichotsa, ndipo mayiyo sanafike madzulo. A Sipanala anamupeza mnzawoyo akutsuka kangolo. Anamugoneka mkono pachitsulo cha kangoloko n'kuuponda, mkono n'kulira ngati nkhuni youma. Kuyambira tsiku limenelo, akamva mawu oti wodwala uyu asapatsidwe mpweya, iwo ankamva kuti pali wamkulu wina amene akuupuma.

Kunyumba zinali chimodzimodzi, kungoti kumeneko kunalibe wowaimitsa ntchito. Akulu anga anaphunzira kumva mapazi awo pachipata n'kudziwiratu ngati kuli mtendere kapena ayi. Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna, amene anakula wamtali, wamawu apansi, wosadziwa kukunga chibakera. Ali wamng'ono anzake anamung'ambira malaya, iye n'kubwera akulira. Bambo ake anamukwapula ndi lamba, osati chifukwa cha malaya koma chifukwa chosabwezera. Tsiku limenelo anamupatsa dzina lonyoza loti Nkhunda, ndipo linamumatirira mpaka ndevu zinamera. Ine ndinkawauza pamaso kuti, "Alamu, munabereka munthu, koma inu mumafuna galu wolusa." Ankaseka. Mlamu amanena zimene wina angathyoledwe nazo nsagwada, ndipo ine mwayi umenewo ndinkaudya mpaka kunyambita mbale. Koma ndinaonanso ndi maso angawa kuti mwanayo akatentha thupi, bambo ake ankamubereka kumsana mpaka kuchipatala, akumutukwana njira yonse.

Ntchito yanga ankainyoza. Ku labotale timaweta maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi la munthu, m'timbale tokhala ndi madzi ofiirira. A Sipanala ankatibweretsera masilinda a makina ofunditsira timbaleto, ndipo akalowa ankafunsa kuti, "Ziweto zanu zadya, alamu?"

Tsiku lina zinandikwana. Ndinawakhazika pampando n'kuwaonetsa pa maikulosikopu. M'kambale kamodzi ndinali nditadonthezamo perokosaidi pang'ono, madzi aja amachita thovu akathiridwa pachilonda. M'maselo ake munali timadontho tobiriwira towala, tambirimbiri.

"Timadontho timeneto ndi timatumba," ndinawauza. "Selo lililonse lili ndi timbaula take m'kati, ndipo timayaka ndi okosijeni wanu yemweyo. Poyakapo pamathetheka mbaliwali. Zikakhala zochepa, selo limadzidzimuka n'kuyamba kusesa m'nyumba. Limakulunga zonse zopserera m'timatumba, n'kuzigaya, n'kumangira zatsopano. Limadzidya lokha kuti likhale ndi moyo."

"Ndiye kupsa n'kwabwino?"

"Kwapang'ono. Onani aka."

M'kambale kachiwiri ndinali nditathiramo kuchulukitsa kakhumi. Maselo anali atafota, ena akuyandama, ena atang'ambika.

"Apa mbaliwali zachuluka. Zawotcha ndi tsache lomwe, ndi timatumba tomwe. Zinyalala zaunjikana, selo lafa."

Anadzuka akupukusa mutu. "Mwazipha ndi mankhwala anu a m'botolo, musanamizire mpweya wanga. Ine ndaona anthu milomo itada bii, maso atatembenuka. Ndikatsekula, amadzuka n'kupempha tiyi. Mpweya sunaphepo munthu, alamu."

Ndinawasiya. Panthawiyo sindinaone chifukwa chokanganirana ndi munthu wonyamula zitsulo pa nkhani ya timbale.

Nkhunda anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi pamene anapeza ntchito kukampani ina yopopera mankhwala opha udzu m'mipanda ya mafakitale ndi m'mbali mwa misewu. Mankhwalawo ankabwera m'migolo yopanda mpopi. Antchito ankalowetsa paipi mumgolo n'kuyamwa ndi pakamwa kuti mankhwala ayambe kuyenda, kenako n'kuiloza m'ndowa. Onse ankatero, ndipo luso lake linali kudziwa nthawi yochotsa pakamwa. Lachiwiri lina mnzake anagwedeza mgolo Nkhunda ali mkati moyamwa. Zambiri analavula, koma zina zinatsika. Anasanza pomwepo. Kapitawo anamugulira mkaka n'kumuuza kuti akapume, mawa alawirire. Kunyumba sananene kanthu. Ankadziwa kuti bambo ake amutchula chitsiru, ndipo lamba ankamuopabe ngakhale anali atawapitirira msinkhu.

Lachinayi akulu anga anaona kuti mwana sakudya, akungovutika kumeza malovu. Anamukakamiza kuyasamula. Lilime lonse linali zilonda zoyera. Atafika naye kuchipatala, ndinapita ndekha kukaona akuyeza mkodzo wake. Anathiramo ufa woyezera, mkodzo n'kusanduka wabuluu. Sunade kwambiri, koma unasanduka. Mankhwala amenewo ndinkawadziwa bwino, chifukwa ife tomwe timawagwiritsa ntchito tikafuna kuwotcha maselo m'timbale. M'thupi la munthu amathamangira m'mapapo. Kumeneko amatenga okosijeni n'kumusandutsa mbaliwali, iwo osatha ayi, amangobwereza n'kubwereza. Mpweya ukachuluka, mbaliwali zimachulukanso.

Adokotala amene anamulandira anali munthu wowonda, wamagalasi, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Anamugoneka m'kachipinda kapadera pafupi ndi khomo la wodi. Pamutu pa bedi anamatapo pepala lolembedwa ndi cholembera chofiira: OSAMUPATSA OKOSIJENI.

"Mwayi ulipo, koma ndi wochepa," anauza akulu anga ndi ine. "Wameza pang'ono, ndipo ndi wachinyamata. Mapapo ake tiwasiye alimbane ndi mpweya wamba. Okosijeni tidzamupatsa pokhapokha zitafika poipitsitsa."

A Sipanala sanawamve mawu amenewa. Nkhunda atangoulula zimene zinachitika kuntchito, iwo anali atapita kukasaka kapitawo. Anamupeza pabwalo la kampani atakhala pamgolo, akulemba mayina a antchito. Anatola paipi yomwe ija n'kuipinda pawiri. Amene analipo akuti chikwapu choyamba chinang'amba khutu, ndipo kapitawo anagwa asanadziwe n'komwe amene akumumenya. Anamupondaponda m'nthiti, kenako anamukhalira pachifuwa, n'kumukanula nsagwada, n'kumukankhira paipi m'kamwa mpaka kummero. "Yamwa! Si umati ndi mkaka? Yamwa!" Anthu anayi ndi amene anawazula pamenepo. A Sipanala anabwera ku wodi malaya ali magazi okhaokha, anasamba m'manja pasinki ya anesi, n'kulowa m'kachipinda. Anasisita mwana wawo pamutu. Kenako anaona pepala lija.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinawakokera m'khonde n'kuwafotokozera. Ndinasankha mawu amene ndinkaganiza kuti awalowa. "Alamu, mankhwala amene ali m'mapapo mwakemo ali ngati girisi pa valavu. Inu nomwe mumamenya anthu chifukwa cha girisi."

"Mwana wanga si valavu. Wagona ndani m'zipinda zolipira? Bwana uti?"

"Palibe bwana aliyense."

"Sitolo ndi yodzaza, ndaiona ndekha m'mawa. Ndanyamulira mpweya mbava zowomberedwa. Ndanyamulira zidakwa zogundidwa ndi galimoto. Ndinanyamulira munthu amene anakhapa mkazi wake, ndinamuvekanso masiki ndi manja angawa. Wanga yekha ndiye asapume?"

Adokotala anawafotokozeranso, kawiri. Iwo ankangoyang'ana nsapato za adokotalawo. Komabe anapirira masiku atatu. Ankagwira ntchito monga mwa nthawi zonse, akudutsa pakhomo la mwana wawo ndi masilinda a ana a eni.

Lolemba Nkhunda anayamba kupuma mothamanga. Pachala pake panali kachipangizo kamene kamaonetsa kuchuluka kwa mpweya m'magazi, ndipo nambala inatsika kufika 88. A Sipanala sanapite patali ndi sukulu, koma nambala imeneyo ankaidziwa kuposa tsiku lawo lobadwa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, nambala ikangotsika pansi pa 90, anesi ankafuula dzina lawo m'khonde. Tsiku limenelo palibe amene anafuula.

Inali nthawi ya masana yoonera odwala. Ine ndi akulu anga tinali pambali pa bedi pamene ndinamva silinda ikugudubuzika m'khonde mothamanga, ndipo ndinadziwa. Nesi wamkulu wa pawodi anaima pakhomo atatambasula manja. A Sipanala anamunyamula ndi yunifolomu yake n'kumuponyera pa kangolo ka mankhwala, mabotolo n'kuswekera pansi. Adokotala anabwera akuthamanga.

"Bambo, mumupha mwanayu! Ndimvereni kaye!"

A Sipanala anawagunda ndi mutu pakati pa nkhope. Magalasi anathyoka pakati, magazi n'kutsika pa jasi yoyera mpaka m'thumba. Silinda sanaisiye n'komwe.

Ine ndinagwira kapaipi ka masiki kamene anakoloweka m'khosi, n'kukakulunga padzanja langa.

"Chokani, alamu."

"Mundiphe kaye ine."

"Ndati chokani."

Ndikanatha kuwanyengerera, mwina. Koma pakamwa panga sipanaphunzirepo zimenezo. "Ndinu mbuli ya manja inu! Mwanayu mwamuzunza moyo wake wonse, lero mwabwera kudzamumaliza!"

Dzanja limene linabwera linali ndi kasipanala m'kati. Ndinamva kuthyoka ululu usanafike. Pamene maso anatseguka ndinali pansi m'khonde, dzino limodzi lili pamiyendo panga, akulu anga atandigwera pamwamba chifukwa nawonso anali atawakankhira kunja. Chitseko chinatsekedwa, ndipo tinamva kabati yachitsulo ikukokedwa kudzachitchinga.

Alonda anabwera asanu ndi zibonga zawo. A Sipanala anafuula m'katimo kuti aliyense akangogunda chitseko, agwetsa silinda n'kuthyola valavu. Pachipatala aliyense amadziwa kuti silinda yodzaza ikathyoka valavu imauluka n'kuboola khoma. Alonda anabwerera m'mbuyo, anesi n'kuyamba kusamutsa odwala a pafupi. Apolisi ataitanidwa, anafika n'kuima patali ngati alonda omwe.

Ndinakhala pansi pachitsekopo nditatseka pakamwa ndi thaulo. Anandiuza kuti ndikasokedwe mlomo, ndinakana. Ndinamva mpweya ukuyamba kulira kuti siii, ndipo khutu langa linandiuza kuti autsekula mpaka pamapeto. Ndinamenya chitseko ndi zikhato. Ndinawatukwana, ndinawapempha, ndinawatchula mayina amene sindingalembe pano, mpaka mawu anandithera. Kenako ndinamva chinthu chimene chinandipweteka kuposa mano. Nkhunda anayamba kulankhula. Mawu ake anamveka bwinobwino, osadukaduka. Bambo ake ankamusimbira za chikepe chija, iye n'kumaseka m'masiki. Chibadwire sindinawamvepo awiriwa akuseka limodzi.

Kenako ndinamva a Sipanala akufunsa chapansipansi, "Ndinkakumenya kwambiri, eti?"

"Kwambiri, ababa."

"Eya."

Ndinkadana nawo ndi mtima wanga wonse, ndipo ndinkalira. Akulu anga anandigwira paphewa, nkhope itawala, n'kunena kuti, "Ukumva? Akulankhula. Mwina bambo ake akudziwa." Ndinkadziwa chimene chinkachitika m'mapapo mwa mwanayo pa mpweya uliwonse wokoma umene ankakoka.

Anakhala m'menemo maola asanu. Silinda itayamba kutha, anachotsa okha kabati n'kutsekula chitseko, chifuwa chili patsogolo.

"Bwerani muone! Onani chala! 99! Ali kuti dokotala uja?"

Apolisi anawagwera ndi zibonga pomwepo. Anawamenya m'mawondo, m'nthiti, m'mutu, mpaka khungu la pachipumi linang'ambika. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo sanabwezere. Anawakhwekhwereza m'khonde akumwetulira, akuuza aliyense kuti mwana wawo wapempha tiyi.

Lachitatu chithunzi cha ekisile chinatuluka choyera mbali zonse ziwiri, pamene payenera kukhala pakuda. Adokotala aja, mphuno ili m'pulasitala, anapita okha kupolisi kukapempha kuti bamboyo atulutsidwe kaye, milandu idzakambidwe pambuyo, chifukwa mwana analibe masiku ambiri. Ine sindikanatero, ndikuvomera.

A Sipanala anafika diso limodzi litatsekeka ndi kutupa, akukoka mwendo. Anapeza Nkhunda atakhala tsonga, atatsamira mapilo atatu, akupuma ngati munthu amene wathamangitsidwa, osatha kumaliza liwu limodzi. Anaima pakhomo nthawi yaitali. Kenako anatuluka n'kundipeza pabenchi ya m'khonde.

"Alamu, ndiuzeninso za timbaula tija."

Ndinawauza ndi milomo yotupa, malovu akudontha pamene panali mano. Timbaula, mbaliwali, timatumba, tsache lopserera. Anamvetsera mpaka pamapeto osandidula mawu.

"Ndiye ndamuwotcha ine?"

Zoona zake n'zakuti palibe amene angadziwe. Ambiri amene ameza mankhwala amenewo amafa ngakhale osapatsidwa mpweya ndi pang'ono pomwe, ndipo adokotala anali atandiuza zomwezo m'mawa wa tsikulo. Yankho loona linali pakamwa panga. Koma pakamwa pomwepo pankapweteka, ndipo mwana wa akulu anga ankafa kuseri kwa khoma.

"Eya," ndinatero. "Mwamuwotcha."

Mawu amenewo ndimanong'oneza nawo bondo. Masiku ena sindinong'oneza.

Sanandimenye. Anapita kukakhala pansi pakhomo la kachipinda kaja, msana utatsamira mphuthu. Kuyambira pamenepo anasanduka mlonda wa pepala lija. Mnzawo aliyense wodutsa ndi silinda ya wodwala wina ankamubweza kuti azungulire khomo lakuseri. Anatseka zenera la m'kachipindamo, nesi n'kuwauza kuti mpweya wa panja ulibe vuto, iwo n'kulitsekula pang'ono chabe. Ndikamadutsa ankandigwira siketi ngati mwana.

"Maselo aja akusesa, eti? Tikawasiya okha asesa? Timatumba tija tibwerera?"

Munthu amene anaseka timbale tanga tsopano ankatikhulupirira kuposa ine mwini. Ndinkangochotsa dzanja lawo n'kulowa.

Lachisanu m'mawa nambala ya pachala inatsika kufika m'ma 60. Milomo ya Nkhunda inada, zikhadabo zinada. Ankakoka mpweya ndi mapewa, ndi khosi, ndi mimba, maso atatong'oka, manja akukanda zofunda. Akulu anga ankamupepesa ngati kuti iwo ndi amene analakwa. Adokotala anamuyeza pachifuwa, kenako anamatula pepala lija pakhoma, n'kulipinda, n'kuliika m'thumba. Anauza nesi kuti aitanitse silinda.

Amene anabwera nayo pa kangolo anali mnzawo wa a Sipanala, bambo wamtima wabwino amene anagwira nawo ntchito zaka khumi. A Sipanala anadzuka ndi mwendo wawo wopwetekawo, anamugwira pakhosi n'kumukanikizira kukhoma mpaka mapazi anasiya pansi.

"Ubwerere nayo! Ukufuna kundiphera mwana?"

Adokotala anabwera n'kuima pafupi, pamene mutu uja ukanawapezanso. "A Sipanala, msiyeni. Ndalamula ndine."

"Munati umamuwotcha!"

"Umamuwotcha."

"Ndiye?"

"Palibenso chotsala choti tipulumutse, bambo. Chatsala n'choti asavutike."

Anamusiya munthu uja, iye n'kugwa pansi akutsokomola. A Sipanala anabwerera chambuyo n'kutseka khomo ndi thupi lawo, manja atagwira mphuthu mbali zonse.

"Ayi. Mupatseni tsiku limodzi. Akusesa. Alamu, auzeni kuti akusesa."

Sindinathe kuwayang'ana. Alonda anaima kumapeto kwa khonde, palibe amene anasuntha. Akulu anga anatuluka m'kachipindamo chokwawa, kudzera pansi pa mkono wawo, n'kuwagwira miyendo. "Bambo a mwana, chonde. Akuvutika." Iwo anangolimbitsa manja pa mphuthu, matabwa n'kumalira.

"Ababa."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwawo, aang'ono, odukaduka.

"Ababa... mpweya."

Anatembenuza mutu. Sindikudziwa kuti anayang'anizana nthawi yaitali bwanji. Manja anatsika okha pa mphuthu. Kasipanala kawo kanali katatsala kupolisi, choncho anawerama n'kumasula ka mnzawo uja pa lamba. Anatsitsa silinda pa kangolo n'kuilowetsa pang'onopang'ono, osagunda bedi. Analumikiza zonse, anaveka mwana wawo masiki, n'kukonza kalamba kuseri kwa makutu kuti kasamutsine. Anaika kasipanala pa valavu, dzanja n'kukhala pomwepo osazungulira.

"Ukudziwa chimene ndikutsekulachi, mwana wanga?"

Nkhunda anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndifike pati, adokotala?"

"Pamene iye angamve bwino."

Anazunguza. Patapita kanthawi mapewa a Nkhunda anatsika, manja anasiya kukanda zofunda, n'kufufuza dzanja la bambo ake. Anapuma bwino mpaka cha m'ma 2 koloko masana. Mpweya unapitiriza kulira m'masiki kwa ola lina lathunthu, chifukwa m'chipatala monse munalibe munthu wolimba mtima kuwauza kuti atseke.